Madzi adzalowa m'nyumba iliyonse

Ine kwathu ndi ku Nkhotakota, koma papita zaka zoposa makumi awiri ndikukhala ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu, ndipo ndimagulitsa usipa ndi utaka mumsika waukulu wa mumzindawu. Nkhani imene ndikufuna kukamba lero ndakhala nayo mumtima kwa nthawi yaitali, ndipo ndailemba chifukwa wolakwa m'nkhaniyi ndine ndemwe.

Amene anafikako ku Chibavi akudziwa kuti mbali ina ya dera lathuli ili kumunsi, pafupi ndi dambo. Mvula ya ku Mzuzu sifulumira kuleka ngati ya kwathu kunyanja. M'mwezi wa Epulo chaka cha 2016 inagwa masiku angapo motsatizana, madzi analowa m'nyumba, ndipo nyumba zambiri za zidina zosaotcha zinagwa. Komatu m'dera lomweli amayi ambiri amalawirira m'mamawa kukaima pamzere pa kiosiki, kulipira ndowa iliyonse ya madzi akumwa. Choncho mawu akuti madzi kwa ife ali ndi matanthauzo awiri: amene timawasowa ndi amene timawaopa.

Chakumapeto kwa chaka cha 2018, pamene zipani zinali kusankha anthu odzaziimira pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019, bambo wina woyandikana nane nyumba anaganiza zopikisana nawo pa mpando wa khansala. Dzina lawo sinditchula. Ndi kalipentala, munthu wachikulire, ndipo timaima mzere umodzi pa swala. Sukulu analekeza sitandade 5. Chiyao ndicho chiyankhulo cha pakhomo pawo, ndipo Chichewa chawo nchapamsika. Nthawi ya chigumula ija ndiwo ankanyamula ana a eni pamapewa kuwaolotsa, ndipo pambuyo pake anakonza zitseko za amayi amasiye osalandira ngakhale tambala.

Tsiku la msonkhano wawo ndinapita pamodzi ndi mwana wanga wamwamuna, amene panthawiyo anali fomu 3. Bambowo anayankhula kwa mphindi pafupifupi makumi awiri. Anatchula ngalande zimene zinatsekeka ndi zinyalala, anatchula timilatho tamatabwa timene ana amadutsapo popita kusukulu, ndipo anafotokoza bwino lomwe malo amene madzi amayambira kusefukira, chifukwa anawayenda okha ndi mapazi. Anthu ankagwedeza mitu. Atafika pa nkhani ya mipopi, anakweza mawu nati: "Mukandisankha ine, ndikulonjeza, madzi adzalowa m'nyumba iliyonse muno m'Chibavi!"

Panali kachetechete pang'ono. Kenaka mayi wina kumbuyo anakuwa m'Chitumbuka kuti madziwo analowa kale, ndipo bwalo lonse linaphulika ndi phwete. Bambowo sanamve chimene mayiyo ananena. Anavula chisoti, napukutira thukuta, nabwereza: "Ayi, ndikuti adzalowa, adzalowa ndithu!" Apo ndiye anthu anachita kugwira nthiti. Inenso ndinaseka mpaka misozi.

Madzulo ake mwana wanga anandionetsa foni. Anali atajambula zonse, koma anadula nkusiya kachidutswa ka masekondi ochepa chabe: lonjezo lija, kuvula chisoti kuja, ndi kubwereza kuja. Za ngalande ndi timilatho munalibe. Ndinasekanso, ndipo mosaganiza ndinati anditumizire. Ndinakatumiza pa gulu la WhatsApp la banja lathu, m'mene muli abale a ku Nkhotakota, a ku Salima, ndi mng'ono wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg.

Pasanathe masiku atatu kakanema kaja kanandibwerera kuchokera kwa mnzanga wa mumsika amene sali m'gulu lathu. Kanali katasintha. Wina anaikamo nyimbo, wina anabwereza mawu oti "adzalowa" kasanu motsatizana, ndipo wina analumikizapo zithunzi za nyumba zomira m'madzi za kwina kumene sindikudziwa nkomwe. Patapita sabata, nkhope ya bambowo atagwira chisoti inasanduka kachithunzi kamene achinyamata amatumizirana wina akalonjeza zosatheka. Anandiuza kuti zimenezi amazitcha meme. Ndinaona kuti kanthu kameneka kamayenda chifukwa nkakafupi, sikadya bandulo yambiri, ndipo munthu safunika kudziwa amene akuyankhulayo kapena kumene akukhala kuti aseke. Aliyense amene wakalandira amaonjezapo kake nkupatsira mnzake.

Poyamba ndinadzitonthoza kuti kuseka andale si tchimo, ndipo ufulu umenewu sunabwere wokha. Ife amene tinakula nthawi ya Ngwazi Kamuzu Banda tikukumbuka kuti nthabwala yokhudza mtsogoleri inkanenedwa monong'ona, utayang'ana kaye uku ndi uku kuopa a Payoniya ndi achinyamata a chipani. Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994 ndizo zinatimasula pakamwa. M'zaka za a Bakili Muluzi nthabwala imene inamanga nthenje inali ya nsapato: anthu ankati analonjezedwa nsapato pa kampeni, ndipo atazifunsa anayankhidwa kuti saizi ya phazi la aliyense siidziwika. Imeneyo inkayenda pakamwa, m'minibasi ndi pa bawo, ndipo aliyense ankaikamba mwa njira yake.

Mafoni atabwera, mawu a atsogoleri anayamba kugwidwa monga momwe atulukira. Chaka chomwecho cha 2018 a Peter Mutharika, pochenjeza otsutsana nawo pa msonkhano, anatulutsa mawu akuti "ndikunyenyanyenyani". Ena anakhumudwa kuti mtsogoleri wa dziko akuopseza anthu, koma ambiri anangotola liwulo nkumaseweretsa, makamaka chifukwa cha katchulidwe kawo ka munthu amene anakhala zaka zambiri ku America akuphunzitsa zamalamulo. Ochemerera mpira ankaopsezana nalo timu zawo zisanakumane, ndipo ndinamvapo mayi wina mumsika akuuza mwana wake wosamvera mawu omwewo, anthu nkuseka. Mng'ono wanga wa ku Johannesburg anatitumiziraponso kanema wa a Jacob Zuma wa m'chaka cha 2015, akuvutika kuwerenga nambala yaitali ya mamembala a chipani cha ANC pamaso pa msonkhano waukulu. Dziko lonse la South Africa linaseka.

Koma taonani zimene zinawachitikira akuluakulu amenewa. A Zuma anakhalabe pampando mpaka Febuluwale 2018, ndipo chimene chinawachotsa si nambala ija ayi. A Mutharika analengezedwa opambana mu 2019, khoti linathetsa chisankhocho pa 3 Febuluwale 2020, anagonja pa chisankho chobwereza cha pa 23 Juni 2020, ndipo anapambananso mu Seputembala 2025. Phwete lathu silinawagwetse, ngakhale kuwakanda. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo mitu imeneyo ili ndi alonda, alembi ndi mawailesi oiyankhulira. Apa ndi pamene ndinasokonekera ine: ndinatenga nkhonya yoyenera mutu waukulu nkumenya nayo kalipentala wa khomo loyandikana ndi langa.

Bambo aja sanapite patali ndi mpikisano. Mwina akanagonjabe, sindingadziwe. Koma mvula itayamba, ana a m'dera lathu ankati akawaona akudutsa ndi matabwa panjinga, amakuwa kuti "adzalowa!" nkuthawa. Mwana wawo wamkazi, amene anali kalasi imodzi ndi mwana wanga, anakhala masabata awiri osapita kusukulu chifukwa anzake anamupatsa dzina lomwelo. Mkazi wanga ndi amene anandiuza zimenezi, atamva kwa mayi a mtsikanayo pa kiosiki. Kenaka ndinazindikira kuti malo a bambowo pa swala ya m'bandakucha akhala opanda munthu kwa masiku ambiri.

Lachisanu lina Shehe wathu anaphunzitsa kuchokera mu Surat Al-Hujurat, m'mene okhulupirira akuletsedwa kunyozana, kuitanana maina achipongwe, ndi kujeda. Sankanena za ine, ndipo sindikhulupirira kuti za kakanema kaja ankazidziwa. Koma ine ndinakhala pamkeka ngati ndakhalira makala a moto. Nthawi zonse ndinkaganiza kuti miseche ndi ya pakamwa. Sindinaganizepo kuti chala chimodzi pa foni chingachite ntchito ya malilime zana.

Tsiku lotsatira ndinatenga mwana wanga, ndi kathumba ka usipa wabwino, tinapita kukagogoda. Tinawapeza akupala chitseko. Ndinawauza zonse, kuti wojambula anali mwana wanga ndipo woyamba kutumiza ndinali ine. Anaika pansi pulena, nakhala chete kwa kanthawi. Kenaka anati: "Achimwene, lilime lilibe fupa, ndipo mawu aja ndinawanena ndine. Ndikanakhala pagulu paja inenso ndikanaseka. Chimene chimandipweteka nchakuti za ngalande zija palibe amene anazimva." Anatembenukira kwa mwana wanga namufunsa ngati mbali yotsala ya msonkhano uja akali nayo. Mwanayo anaweramitsa mutu. Anali ataifafaniza kalekale kuti mufoni mukhale malo.

Anatikhululukira, Alhamdulillah, ndipo patapita masiku anabwerera pamzere wawo kumzikiti. Koma madzi akatayika saoleka. Mpaka lero, mvula ikagwa kwambiri ku Mzuzu, kachithunzi kaja kamatulukiranso pa foni ya wina, ndipo otumizawo sadziwa kuti munthu wagwira chisotiyo ali ndi dzina, mkazi ndi zidzukulu.

Sindikunena kuti tileke kuseka atsogoleri. Amene analonjeza ntchito miliyoni imodzi ndi kudya katatu patsiku mu 2020 anayenera kumva nthabwala zathu pamene mitengo ya chimanga ndi feteleza inakwera, chifukwa lonjezo ndi ngongole. Koma pakhomo panga tinagwirizana kuti tisanatumize kanthu koseketsa tizidzifunsa: kodi tikuseka bodza la munthuyu kapena kupunthwa kwa lilime lake? Kodi ali ndi mphamvu pa ife, kapena ndi mnzathu wosauka ngati ife tomwe? Nanga chimene chadulidwa n'chiyani? Makolo anzanga, mafoni ali m'manja mwa ana athu, koma nthawi zambiri amene amatumiza osaganiza ndife akuluakulu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chaka chatha mvula isanayambe, bambo aja anamema amuna a mumsewu wathu kuti tikumbe ngalande ya kuseri kwa nyumba zathu. Tinatuluka ndi makasu ndi mafosholo, ndipo mwana wanga, amene tsopano ndi bambo wa mwana mmodzi, ndiye ankakankha wilibala. Palibe amene anajambula tsiku limenelo.