Kandege Kamene Kanandisowetsa Tulo

Pa tchuthi chapitachi malume anga anafika kwathu ku Ndunde kuchokera ku Johannesburg. Anabwera pa ndege natsikira ku Chileka. Pondikomera mtima, anandibwereka kompyuta yawo ya m'manja kuti ndikonzekere mayeso.

Madzulo ndinayesa kuilumikiza ku intaneti ya pa foni ya achemwali anga, koma inakana. Ndinayesa kawiri, katatu, osatheka. Mtima unangoti myu! Ndinati ndaononga chinthu cha eni ake, ndipo usiku umenewo tulo sindinatione.

Kutacha ndinagwada pamaso pawo ndi kuulula. Iwo anaseka, naloza kachithunzi ka ndege pangodya ya galasi.

"Mphwanga, dzuka. Ndinaiwala ndine kukazimitsa kandegeka."

Anandifotokozera kuti m'ndege amapempha anthu kukayatsa, kuopa kuti mafunde a makinawa angasokoneze wailesi ya oyendetsa. Kakayaka kamatseka Wi-Fi, Bluetooth ndi netiweki ya foni, koma zolemba ndi zithunzi zimakhala momwemo. Anangokadina kamodzi, intaneti inabwerera.

Anzanga, ndikanafunsa madzulo omwewo ndikanagona bwino. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.