Kusaka kampira koyera: kuchoka pa Songani mpaka pa Gymkhana

Amalume anandipeza pa Songani dzuwa lisanatenthe, nditaima pafupi ndi amayi ogulitsa matemba a ku Chilwa. Linali Loweruka la mu June, kamphepo kakutsika m'phiri, anyamata a kabaza manja ali m'khwapa. Iwo anatulukira atavala kapusi yotuwa, atapanira ndodo imodzi yachitsulo yokulungidwa m'thumba la feteleza. Mmodzi wa akabaza anafuula kufunsa ngati achikulirewo akukapha njoka. Amalume sanacheuke n'komwe. Anangoti, "Tiye mphwanga, minibasi ikudzaza."

Kumudzi timawadziwa monga mlimi wa mpunga, munthu wosachedwa kuwodzera pa msonkhano wa mfumu. Ndi ochepa amene amakumbukira kuti ali mnyamata anakhala zaka zambiri akusenza zikwama za osewera gofu m'tauni ya Zomba, ntchito imene eni ake amaitcha ukadi. Ndodo ya m'thumba ija anapatsidwa ndi bwana wina pobwerera kwawo, ndipo kwa zaka zonsezi yakhala itatsamira kuseri kwa chitseko pamodzi ndi khasu. Ine gofu ndinkangomuona pa kanema, n'kumati ndi masewera a anthu okhuta amene asowa chochita ndi miyendo yawo. Mawu amenewa ndinawalankhula tsiku lina pa bawo, amalume akumva. N'chifukwa chake ulendowu.

Msewu wa M3 kuchoka pa Songani kulowa m'tauni sutenga theka la ola minibasi ikapanda kuimaima. Phiri la Zomba limakhala kudzanja lamanja njira yonse, nsonga yake yopitirira mamita 2,000 itabisala m'nkhungu. Kumbuyo tasiya Domasi, kumene a mishoni a Church of Scotland anakhazikika mu 1884. Ndili m'minibasimo, bondo litakanikizana ndi dengu la tomato, ndinaganiza kuti nkhani yake ndi yoseketsa ndithu. Gofu kwawo ndi ku Scotland konko. Ku St Andrews ndiko kunakhazikika mwambo wa mayenje 18 mu 1764. Anthu a dziko limenelo anatibweretsera sukulu, tchalitchi ndi ukalipentala mpaka m'chigwa mwathu muno, koma masewera awo aja anatsakamira ku Boma, sanafike kwathu.

Tinatsika titadutsa Chinamwali ndi kuwoloka Mulunguzi, n'kuyamba kukwera wapansi. Amene anafikako ku Zomba akudziwa kuti bwalo la gofu silibisika, lili pakati penipeni pa tauni yakale, kapinga wotambalala pansi pa mitengo ikuluikulu, phiri litaima pamwamba pake ngati mlonda. Kalabu ya Gymkhana inayamba mu 1896, Zomba ili likulu la boma la atsamunda, ndipo masiku amenewo inali ya azungu. Munthu wakuda ankalowamo atanyamula thireyi kapena chikwama. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, aphungu anatsatira pambuyo pake, koma mayenje 9 aja adakalipo, ndipo amene amasewerapo lero ndi Amalawi: aphunzitsi a ku yunivesite, asilikali, a bizinesi, ena opuma pa ntchito.

Mnzawo wa amalume, membala wa kalabu, anatilandira ndi kutibwereka chikwama chake. Ndinachinyamula kuti ndione kulemera. Abale, katundu uja si wamasewera! Lamulo limalola ndodo zosapitirira 14, iliyonse ndi ntchito yake: yaitali ya mutu ngati chibakera imene amaitcha driver ndi yomenyera kutali, zachitsulo zokhala ndi manambala ndi za pakati, ina yopendekeka kukamwa ndi yovuulira mpira mumchenga, ndipo putter ndi yokankhira m'dzenje. Amalume anazisolola imodziimodzi, akuzisisita ngati munthu amene wakumana ndi anzake a ku ubwana.

Kampira kake ndi kakang'ono kuposa dzira la nkhuku, kolimba ngati mwala, thupi lonse timaenjemaenje. Sikafika magalamu 46. Timaenje timeneto si tokongoletsa ayi. Ndito timathandiza kuti kaboole mphepo ndi kuuluka kutali. Amalume anakaika pa kachikhomo, n'kundiimika. Miyendo motere. Mawondo opinda pang'ono. Dzanja lamanzere pamwamba, lamanja pansi, zala zolukana. "Usagwire ngati mpini wa khasu," anatero. "Gwira ngati wagwira nkhunda: isathawe, koma isafenso." Ndinakweza ndodo, ndinatsitsa ndi mphamvu zonse za nsima ya dzulo. Fyuu! Kampira kali phee pa chikhomo pake, kakundiyang'ana. Kachiwiri ndinagalula chibuma cha kapinga chimene chinauluka kutali kuposa mpira. Anyamata awiri a ukadi amene anakhala pansi pa mtengo anatembenukira kuphiri, mapewa akugwedezeka.

Apa m'pamene amalume anamasula thumba la feteleza lija. Munthu wa zaka zopitirira 70, msana wowerama ndi madzi a m'dimba, anaima pambali pa mpira n'kuwongoka. Sanalimbe nayo. Ndodo inangokwera pang'onopang'ono, inaima kamphindi kuseri kwa khosi, n'kutsika yokha. Kunamveka kaphokoso kakang'ono, khwa, ngati kuthyoka kwa nzimbe yokhwima, ndipo kampira kananyamuka, kanakwera mpaka kuoneka kadontho koyera pa mtambo wakuda wa phiri, n'kukatera pakati pa kapinga, kudumpha kawiri, kugona. Anyamata aja analeka kuseka. Mmodzi anaimirira n'kuvula chipewa.

Tinayamba kuyenda. Chimene kanema sakuonetsa ndi chimenechi: gofu ndi ulendo wapansi. Mumamenya, mumayenda, mumacheza, mumamenyanso. Pakati pa kumenya kumodzi ndi kwina pali nthawi yomva fungo la udzu wodulidwa, yoona apusi akulumpha m'nthambi, yopereka moni kwa mayi amene akudutsa m'mphepete atasenza nkhuni. Palibe wokuthamangitsa, palibe wokutchera mwendo, palibe wakuimbira wezulo. Woweruza ndiwe mwini. Ukamenya kasanu ndi kawiri umalemba 7 pa khadi, ngakhale mnzako anali kuyang'ana kwina. Amalume amati khalidwe la munthu ankalidziwira m'thengo, mpira ukagwera pa chitsa, mwini wake akuganiza kuti kadi sakuona.

M'thengomo ndinalowamo kangapo. Lamulo la masiku ano, kuyambira 2019, limapatsa munthu mphindi zitatu zokha zofunafuna mpira wotayika. Kale zinali zisanu. Ine zitatuzo zinkatha ndikuchotsa chisoso m'masokosi. Koma anyamata a ukadi ali ndi maso a kabawi. Amaona pamene mpira walowera, amawerenga mitengo, amapita molunjika n'kuloza ndi phazi. Amadziwanso mtunda popanda chingwe, amadziwa kumene mphepo ikuchokera pongoponya tiudzu m'mwamba, ndipo akakupatsira ndodo ya nambala 7 iwe ukufuna ya 5, ndi bwino kungomvera.

Pa dzenje lachinayi m'pamene nthenda inandigwira. Sindikudziwa chimene ndinachita mosiyana. Ndodo inakhudza mpira pakati penipeni, m'manja simunamveke kanthu, ndipo kampira kanapita mowongoka ngati kuti kakudziwa kwawo. Ndinaima kukamwa kuli yasa. Kumenya kwabwino kumodzi kokha pa makumi angapo oipa, koma mtima unayamba kale kuwerengera za Loweruka lotsatira. Amalume anaseka, nati aliyense amakodwa choncho.

Pafupi ndi mbendera masewera amasintha nkhope. Mphamvu zilibenso ntchito. Dzenje lake ndi la masentimita 10.8 kukamwa, ngati kapu yaikulu ya tiyi, ndipo nthaka imene ukuiona ngati yathyathyathya ili ndi timitunda tobisika. Amalume ankanjuta kumbuyo kwa mpira, diso limodzi lotsinzina, n'kunena kuti ndiloze chikhatho chimodzi kumanzere kwa dzenje. Ndikamvera, kampira kankakhota kokha n'kugweramo, kho. Ndikachita zanga, kankadutsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine kudekha ndinakusiya pa Songani.

Titakhala pa khonde titatha mayenje onse 9, mnzawo wa amalume anandifotokozera chinthu chimene ndachikonda koposa, chotchedwa handicap. Wosewera aliyense amakhala ndi nambala yosonyeza luso lake, ndipo wofooka amachotseredwa zomenya zingapo pa chiwerengero chake, kotero kuti agogo ndi mdzukulu, mayi ndi bambo, katswiri ndi wophunzira angathe kupikisana mwachilungamo. Kuyambira 2020 dziko lonse likutsata njira imodzi yowerengera, ndipo nambala imafika mpaka 54 kuti oyamba kumene asagwe ulesi. Pa bawo sindinaonepo katswiri akupatsa mnzake njere zaulere.

Nanga bwanji masewera okoma chotere ali a anthu owerengeka? Mabwalo alipo ndithu: Lilongwe ili ndi la mayenje 18, ena ali ku Blantyre, Limbe, Mulanje, Thyolo, Mzuzu, ndi m'minda ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Bungwe la Golf Union of Malawi ndi la amayi osewera gofu amakonza mipikisano, ya ana ikuphatikizidwa, ndipo mabanki ndi makampani amathirapo ndalama. Gofu anabwereranso ku Olympics mu 2016 atasowako kuyambira 1904, ndipo mu 2024 bungwe loyang'anira gofu la R&A linayambitsa mpikisano wa osewera osalipidwa a mu Africa ku Leopard Creek, m'dziko la South Africa. Zonsezi n'zabwino. Koma kunena mosapsatira, zambiri zimathera pa anthu omwe ali kale mkati mwa mpanda. Mpikisano wa makampani umatha ndi zokamba ndi nyama yootcha, mwana wa ku Malosa osamvako n'komwe kuti kunachitika kanthu. Zipangizo zonse n'zochokera kunja, mtengo wake wa madola, ndipo ngakhale geti litatseguka, anthu ambiri mitima yawo imawauzabe kuti kumeneko si kwathu.

Chikhalirecho luso lili kunja kwa mpandako. Papwa Sewgolum wa ku Durban anali kadi wosauka, wogwira ndodo mozondotsa manja, koma anapambana Dutch Open katatu, mu 1959, 1960 ndi 1964, pamene kwawo malamulo a tsankho ankamuletsa kulowa m'nyumba ya kalabu. Pafupi pompa, Madalitso Muthiya wa ku Zambia, dzina lomveka ngati la mwana wa pakhomo pathu, anasewera mu US Open mu 2006. Mwana amene amagwetsa mango ndi legeni ali patali, amene amakwapula nguli osaphonya, diso ndi dzanja ali nazo kale. Chimene alibe ndi ndodo imodzi ndi munthu womuimika bwino.

Tinabwerera pa Songani dzuwa litapendeka, msika ukuphwasuka. Podutsa pa bwalo la mpira la sukulu tinapeza ana akuthamangitsa mpira wa mapepala. Amalume anaima, anamasula thumba, natulutsa m'thumba la jekete timipira titatu takale timene anapatsidwa ku kalabu kuja. Posakhalitsa panali mzere. Amene anamenya bwino koposa anali mtsikana wa Sitandade 6, wopanda nsapato, mng'ono wake atamutsitsa kumsana n'kumukhazika pa udzu. Anafunsa ngati tibweranso mawa.

Ku Domasi kuno kuli koleji yosula aphunzitsi, ndipo sukulu iliyonse m'chigwa muno ili ndi bwalo. Mayenje atatu a zitini zokwirira safuna komiti. Inu a ku Zomba, Blantyre ndi Lilongwe amene muli ndi ndodo zakale zikuchita dzimbiri m'galaja, tipatseni. Mukatsika pa Songani mudzangofunsa bwalo la sukulu; Loweruka masana amalume amakhala ali pomwepo, ndipo ndodo ikadali imodzi yomwe ija.