Kuchotsa anabele a m'khosi khansa ya lilime idakali yaing'ono: kuno ku Britain ndi kumudzi

Khansa ya lilime nthawi zambiri imayamba ngati kachilonda ka m'mbali mwa lilime, kosapola ngakhale patapita milungu itatu. Fodya ndi mowa ndizo zimaiputa kwambiri. Ikapezeka isanapitirire masentimita 4, dokotala amadula chotupacho pamodzi ndi mnofu wabwino wochizungulira. Povuta ndi m'khosi. Khansayi ikamafalikira imayambira mu anabele a m'khosi, ndipo mwa odwala khumi alionse omwe khosi lawo lilibe chotupa pogwira ngakhale pa sikani, awiri kapena atatu amakhala kuti matenda analowamo kale mobisika.

Madokotala anakhala akusiyana maganizo kwa zaka zambiri. Ena ankati wodwala aziunikidwa pafupipafupi, khosi ling'ambidwe pokhapokha mwanabele akatupa. Ena ankati anabelewo achotsedweretu tsiku lomwe akudula chotupa cha pa lilime. Yankho lomveka linachokera ku chipatala cha Tata Memorial ku Mumbai, India, komwe khansa ya m'kamwa ndi yofala chifukwa chotafuna fodya. Kafukufuku wotsogoleredwa ndi Anil D'Cruz, wofalitsidwa mu 2015, anaonetsa kuti patatha zaka zitatu, 80 pa 100 alionse mwa ochotsedweratu anabele anali moyo, pomwe mwa odikira anali pafupifupi 68. Kafukufuku wina wa kuno ku Britain, wotchedwa SEND, anatuluka mu 2019 ndipo naye anapeza kuti kuchotseratu kumachepetsa kubwereranso kwa matenda.

Opaleshoni ya masiku ano si ija ya George Crile ya mu 1906, yomwe inkachotsa minofu ndi mitsempha yomwe. Pano amachotsa mafuta okhala ndi anabele a pansi pa chibwano ndi a kumtunda ndi pakati pa khosi, mbali yomwe kuli chotupa, n'kusiya zina zonse. Komabe si yamasewera. Mtsempha woyendetsa phewa ukakhudzidwa mkono umavuta kukweza, mlomo wam'munsi ukhoza kupotoka, ndipo khungu la pakhosi limachita dzanzi. Chowawa china n'chakuti odwala ambiri amang'ambidwa khosi lomwe pambuyo pake limapezeka kuti linalibe kanthu.

Kuno ku Britain nkhani ya wodwala aliyense imakambidwa pamsonkhano wa akatswiri a opaleshoni, a sikani, a labotale ndi a radiotherapy (chithandizo chowotcha khansa ndi makina). Amayang'ana kwambiri kuzama kwa chotupa m'lilime, chifukwa chikapyola mamilimita 3 kapena 4 chiopsezo cha m'khosi chimakwera. Kuyambira 2016 bungwe la NICE, lopereka malangizo a zaumoyo kuno, limalangizanso njira yapakati: amabaya mankhwala olondoleka ndi makina m'mphepete mwa chotupa, n'kuchotsa mwanabele woyamba kulandira mankhwalawo. Akapezeka wopanda khansa, khosi lonse limasiyidwa. Kenaka wodwala amaunikidwa kwa zaka pafupifupi zisanu, ndipo chipatala ndicho chimamuitana.

Ku Malawi funsoli silifika kawirikawiri, popeza ambiri amabwera chotupa chitakula ndipo khosi litatupa kale. Chilonda cha m'kamwa chimayamba chalandira mankhwala a pagolosale, a kwa sing'anga kapena a pachipatala chaching'ono, ndipo mwanabele wa m'khosi amayamba waganiziridwa TB, zomwe n'zomveka m'dziko lomwe TB ndi HIV n'zofala. Akatswiri a opaleshoni ya mutu ndi khosi ndi owerengeka, ndipo amapezeka makamaka ku Queens ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Koma kwa wodwala amene wafika msanga, mfundo yochotseratu anabele ili ndi mphamvu kumudzi kuposa kuno. Kudikira n'kotheka pokhapokha munthu akamabwera kudzaunikidwa mwezi ndi mwezi kapena miyezi iwiri iliyonse. Mlimi wa ku Chitipa kapena ku Nsanje, amene ndalama ya thiransipoti imafuna kugulitsa mbuzi, adzabwera mwanabele atakula n'kumatirira ku mitsempha ya magazi, pomwe mpeni sungathenso kuthandiza bwino. Njira ya mwanabele woyamba ija imafuna zipangizo zodula komanso labotale yoyankha msanga. Radiotherapy yomwe ikanatseka mpata inalibeko m'dzikomo mpaka 2024, pamene makina oyamba anayamba kugwira ntchito ku Blantyre. Kale odwala ankatumizidwa kunja, monga ku India. N'chifukwa chake malangizo a bungwe la African Head and Neck Society, olembedwera zipatala zoperewera zipangizo, amauza dokotala kuti posankha chochita ndi khosi aganizire ngati wodwalayo angathe kumabweranso kudzaunikidwa, komanso ngati radiotherapy ingapezeke matenda atabwerera.