Maina a Makolo Athu Analembedwa Kuti?

Abale anga a ku Mitundu ndi ku Nathenje, pamodzi ndi inu nonse amene munabalalikira m'maiko a eni kukafunira ana chakudya monga ndinachitira ine, ndiloleni ndikutulireni chinthu chimene chandilasa mtima kuno ku Glasgow, m'dziko la Scotland, kumene ndimagwira ntchito yosamalira nkhalamba. Pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo nkhaniyi njathu tonse.

Munthu wa kuno akafuna kudziwa kumene anachokera, sadikira maliro kuti akakumane ndi akuluakulu a pamtundu, koma amangotsegula kompyuta ali khale m'nyumba mwake, nalowa pa ScotlandsPeople, nkhokwe ya pa intaneti imene imayang'aniridwa ndi National Records of Scotland mumzinda wa Edinburgh. M'menemo muli kaundula wa obadwa, okwatirana ndi omwalira kuyambira 1855, chaka chimene lamulo linayamba kukakamiza kuti munthu aliyense alembedwe. Muli mabuku a mipingo, ena mwa iwo akalekale a 1553. Mulinso kalembera wa anthu, khomo ndi khomo, kuyambira 1841 kufikira 1921. Kufunafuna dzina salipiritsa, koma ukafuna kuona tsamba lenilenilo, monga linalembedwera ndi dzanja la mlembi, umapereka kandalama kochepa.

Tsamba lotere ndinaliona ndi maso angawa pamene mdzukulu wa gogo wina amene ndimamusamalira anabwera kudzamuonetsa tsamba la imfa ya kholo lawo, munthu wokumba malasha wa m'zaka za m'ma 1870. Panalembedwa dzina lake, ntchito yake, zaka zake, nyumba imene anatsirizikiramo, ola lake, ndi nthenda imene inamutenga. Panalinso maina a atate ake ndi amayi ake, kufikira dzina limene amayiwo ankadziwika nalo asanakwatiwe. Koma chimene chinandigwetsa nkhongono chinali kumapeto kwa mzere, pamene wodzanena za imfayo amayenera kusaina: mkazi wamasiye uja sankadziwa kulemba, ndipo anangoika kachizindikiro ka X, mlembi nachitira umboni pambali pake. Taonani, mmphawi wosaphunzira, wofanana m'zonse ndi agogo athu amene ankadinda ndi chala, koma boma la kwawo linamuyesa munthu woyenera kukumbukika. Ndipo ngakhale opemphetsa sanaiwalike, chifukwa ku Mitchell Library, muno mu Glasgow, amasunga mabuku a anthu amene ankapempha thandizo la amphawi kuyambira 1851, momwe mkulu woyendera ankalemba za ana awo, kumene anabadwira, ndi umo anasaukira.

Usiku umenewo, nkhalamba zonse zitagona, ndinayesa kufunafuna pa intaneti dzina la atsibweni a amayi anga, amene analembetsa Wenela napita ku migodi ya ku Joni, osabwereranso. Sindinapeze kanthu. Mtchona ameneyo anali ndi dimba lake m'dambo, anasiya mbumba imene inamulira kufikira misozi kuuma, koma lero palibe pepala, palibe manda, palibe ngakhale chaka chimene tinganene kuti ndicho anapumira.

Musafulumire kunena kuti makolo athu anali osasamala, chifukwa mlandu suli pa iwo. Azungu omwewa, amene kwawo ankalemba wokumba malasha ndi wopemphetsa, atafika ku Nyasaland anaika lamulo mu 1904 lokakamiza kulembetsa kubadwa ndi imfa kwa iwo okha ndi alendo anzawo, ife eni nthaka natisiya kunja. Ankatikumbuka polemba msonkho ndi potenga anthu a mtengatenga basi. Pamwamba pa izo, mu 1919 moto unapsereza maofesi a likulu la boma ku Zomba pamodzi ndi makalata ambiri, ndipo nyumba yosungiramo zolembedwa zakale inadzatsegulidwa kumeneko mu 1947. Chondiwawa koposa n'chakuti ngakhale titalandira ufulu mu 1964 tinakhalabe chomwecho zaka makumi asanu, kufikira lamulo la kalembera wa mzika linayamba kugwira ntchito mu 2015, ziphaso za unzika n'kudzabwera mu 2017. M'buku la Ezara timawerenga za ana a ansembe amene anafunafuna maina awo m'buku la mibadwo osawapeza, nachotsedwa pa unsembe; ndikawerenga pamenepo ndimaona ife.

Komabe sikuti palibiretu cholembedwa. Mishoni ya Nkhoma, imene ili pafupi ndi Nathenje, inakhazikika mu 1896, ndipo mipingo, ya Chikatolika ndi ya CCAP yomwe, yakhala ikulemba obatizidwa ndi okwatitsidwa kwa mibadwo ingapo. Makalata ambiri a amishoni a Dutch Reformed, eni mishoni ya Nkhomayo, ali ku Stellenbosch, ndipo zolembedwa za kampani imene inkatenga anthu a ku migodi zili ku Johannesburg, kutali ndi zidzukulu za eni maina. Nanga mlimi wa ku Mitundu, amene ngakhale ya basi yopitira ku Zomba imamusowa, adzazifikira bwanji? Nditatuma mlongo wanga ku mpingo wina wa kwathu kukafunsa za ubatizo wa agogo, anamutulutsira buku m'kabati yachinyontho, chiswe chitadya masamba oyambirira, amene ndiwo tinkawafuna.

Pano ndisabise, kunyadira kwathu kulipo. Azakhali anga, amene sanapondeko m'kalasi, akakhala pamphasa pa siwa amatha kutchula mawere onse a mudzi wathu, wakuti anabala wakuti, uyu anadzutsa dzina la uje, awa anasamuka chaka cha njala ya 1949, mpaka tambala kulira, osaphonya ngakhale mmodzi. Kuno ndaona nkhalamba zokhala ndi mapepala a mibadwo isanu ndi umodzi zikutha miyezi popanda mbale wodzazizonda, ndipo ndimapukusa mutu. Koma pepala silifa, pomwe azakhali anga tsiku lina adzagona, ndi zonse zili m'mutu mwawo zidzatsikira nawo kumanda. Madzi akatayika saoleka.

Mwina zikundipweteka chonchi chifukwa cha moyo wa kuno, kumene m'nyengo yozizira dzuwa limalowa nthawi imene kwathu ana akuweruka kusukulu, kumene malipiro amathera pa lendi, pa mapepala a chilolezo ndi pa feteleza wotumiza kumudzi, ndipo maliro a amayi anga aang'ono ndinawaonera pa WhatsApp ndili m'yunifolomu ya kuntchito. Mwana wanga, amene Chichewa chimamulemera pakamwa, anapatsidwa ntchito kusukulu yolemba mndandanda wa makolo ake. Anzake anabwera ndi masamba odzaza, iye anathera pa agogo anga. Anandifunsa ngati kwathu anthu amangomera, ndipo ndinasowa chomuyankha.

Chifukwa chake ndikupemphani, inu abusa, ansembe ndi alembi a mipingo ya kwa Chadza, kwa Chiseka ndi kwa Mazengera, tulutsani mabuku akalewo muwajambule tsamba ndi tsamba, pakuti foni imene ili m'thumba mwanu ikwanira ntchitoyo. Inu mafumu, sungani kaundula wa mudzi monga musungira manda. Ndipo iwe mphwanga amene uli pafupi ndi gogo wamoyo, gula kope pa msika wa Mitundu Loweruka likudzali, ukhale pansi pa mapazi ake, umufunse maina, ziwongo, midzi ndi kumene aliyense anaikidwa, ulembe, kenaka utitumizire ife amene tili kutali. Ndalama ya kope ndi mayunitsi ndidzatumiza ine.