Changa wa Pasukulu Pathu

M'chaka cha 1986 ndidali mphunzitsi wachinyamata, wongotuluka kumene kukoleji ya aphunzitsi, ndipo adanditumiza pasukulu ina yapulaimale kufupi ndi Migowi, moyang'anana ndi phiri la Michesi. Masiku amenewo Phalombe idali isadakhale boma payokha; nkhani zathu zonse tinkapita nazo ku Mulanje. M'kalasi yanga ya Sitandade 6 mudali mnyamata wina wochepa thupi, wamaso akuthwa, amene anzake ankamutcha Changa chifukwa cha kadumphidwe kake. Dzina lake lenileni ndilisunga, pakuti mwini wake akadali moyo.

Tsiku lina pa nthawi yopuma ndidamva phokoso pabwalo la sukulu. Nditatuluka ndidapeza ana atazungulira, akuomba m'manja, ndipo pakati pawo Changa adali chadodolido, akuyenda ndi manja kuchokera pamtengo wa mbendera kulowera kumene tidapachika chitsulo cha belu. Atafika adaimirira, nakwera pamapewa pa anzake awiri, nadziponya m'malere chagada, n'kutembenuka kamodzi, n'kutera ndi mapazi onse awiri ngati mphaka. Kunena zoona, mtima wanga udachita kaso. Koma ndidakumbuka msanga kuti ndine mphunzitsi, ndi kuti mwana akathyoka khosi mlandu udzagwera ine. Ndidamukwapula zikoti zinayi pamaso pa anzake, ndi kumupatsa chibalo chokumba dzenje la zinyalala. Mawu amene ndidanena ndimawakumbukira mpaka lero: "Iwe, nzeru zako zidathawira kumiyendo. Udamva kuti munthu adadyapo nsima chifukwa cha kudumpha?" Ana onse adaseka. Iye sadalire. Kuyambira tsikulo sindidamuonenso akudumpha, ndipo chaka chotsatira adasiya sukulu. Sindinganene kuti adasiya chifukwa cha ine ndekha, pakuti kwawo kudali kosauka ndipo maphunziro aulere apulaimale adadza mochedwa, mu 1994. Komabe zikoti zanga sizidamuthandize kukonda sukulu.

Nkhaniyi idagona mumtima mwanga zaka zoposa makumi atatu. Idadzuka nditapuma kale pantchito, pamene mdzukulu wanga wamkazi, wophunzira kusekondale monga inu, adabwera kutchuthi ndi foni m'manja. "Agogo, taonani izi," adatero. Ndidavala magalasi. Pakanemapo padali anyamata ndi atsikana atasanjikizana pamapewa mpaka misinkhu itatu, ena akuponya mipira isanu m'mwamba ndi kuiwakha popanda kugwetsa, ena akutembenuka m'malere monga momwe Changa ankachitira. Chimene chidandidzidzimutsa n'chakuti pofuulirana ankayankhula Chinyanja. Mdzukulu wanga adandiuza kuti limenelo ndi gulu la Circus Zambia la ku Lusaka. Kuyambira pamenepo ndidayamba kufufuza mbiri ya masewera amenewa, ndipo zimene ndidapeza ndizo ndifuna kukusimbirani.

Mawu akuti circus sadali achilendo kwenikweni kwa ine. Ndidawamva koyamba ndili mwana kwa amalume anga amene adagwirapo ntchito kumigodi ya ku Joni. Madzulo tikuotha moto ankatisimbira za chihema chachikulu koposa tchalitchi, mmene mikango inkadumpha m'mikombero, njovu n'kumaima ndi miyendo iwiri, ndipo mkazi ankayenda pachingwe chomangidwa m'mwamba. Ife tinkati amenewo ndi matsenga basi. Koma padalibe matsenga. Masewera amtunduwu adayambitsidwa ku London mu 1768 ndi Philip Astley, msilikali wakale wa pakavalo, amene ankaonetsa luso lake lokwera akavalo powathamangitsa mozungulira. Kenaka adaonjezapo anthu odumpha ndi ena oseketsa kuti oonerera asatope. Liwu lenilenilo lidachokera ku Chilatini, ndipo limanena za malo ozungulira. Ife tikadangoti bwalo. Kwa zaka pafupifupi mazana awiri nyama ndizo zidali mzati wa masewerawa.

Kusintha kwakukulu kudadza ndi achinyamata a m'misewu, ndipo odziwika kwambiri mwa iwo adali a m'tauni yaing'ono ya Baie-Saint-Paul, m'chigawo cha Quebec ku Canada. Kumeneko kudali kagulu ka anthu oyenda pamiyendo yamitengo, ovina, oimba ndi olavula moto, kotsogozedwa ndi Gilles Ste-Croix. Ndalama adalibe. Mu 1980 Ste-Croix adayenda pamiyendo yake yamitengo makilomita 90 kukafika mumzinda wa Quebec, n'cholinga chakuti boma limuone ndi kulithandiza gulu lake. Tayerekezani munthu kunyamuka pano pa Migowi pamitengo iwiri, ulendo wa ku Blantyre! Zoonadi tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Mu 1984, pamene chigawocho chinkakumbukira zaka 450 chifikire Jacques Cartier, mmodzi wa gululo, wolavula moto dzina lake Guy Laliberté, adapeza thandizo la boma loyendera ndi chionetsero m'matauni, ndipo Cirque du Soleil idabadwa. Dzinalo m'Chifalansa litanthauza circus ya dzuwa. Iwo adasiya mikango ndi njovu, natenga luso la thupi la munthu, nyimbo zoimbidwa pomwepo, zovala, nyali ndi nkhani, nazilumikiza kukhala sewero limodzi loyamba ndi kutha monga zisudzo zimachitira. Mu 1987 adapita ku Los Angeles alibe ndalama zobwererera zikadakanika, koma zidatheka, ndipo pofika 1993 adali ndi chionetsero chokhazikika ku Las Vegas.

Koma mtima wanga uli pa ana a ku Lusaka aja, chifukwa iwo ndiwo afanana ndi Changa. Kufupi ndi pakati pa mzindawo, chapafupi ndi msika wa Soweto, kuli komboni yotchedwa Chibolya. Kwa zaka zambiri dzina limeneli linkaopsa anthu, chifukwa malowo adatchuka ndi malonda a chamba ndi mankhwala ena ozunguza bongo, kotero kuti mwana wa kumeneko akatchula kwawo anthu ankayamba kugwira matumba awo. Kumeneko kudakulira anyamata atatu, Gift Chansa, Amos Malokwa ndi Benard Kaumba, amene ankaphunzitsana okha kudumpha ndi kutembenuka pafumbi la m'njira za kwawo. Palibe chimene adali nacho choposa Changa. Kusiyana kudali kwakuti iwo adakumana ndi akuluakulu amene, ataona kudumphako, sadatenge chikoti.

Akuluakuluwo adali a gulu la zisudzo la Barefeet, limene lidayamba mu 2006 pamene Adam McGuigan, wazisudzo wochokera ku Northern Ireland, adayamba kugwira ntchito ndi ana okhala m'misewu ya ku Zambia. Dzina la gululo likunena za mapazi opanda nsapato, monga analili anawo. Kumeneko anyamata a ku Chibolya adaphunzira kuti kudumpha kuli ndi malamulo ake, nthawi yake yoyeserera, ndiponso kuti thupi lingathe kusimba nkhani popanda pakamwa kutseguka. Pambuyo pake mwayi udapezeka wokaphunzira luso limeneli ku China, dziko limene lakhala ndi akatswiri odumpha kwa zaka mazanamazana. Akadatha kukhalira kunja n'kumadya zonona, monga ambiri amachitira. Iwo adabwerera kwawo, ndipo mu 2015, pamodzi ndi mayi wina wa ku Netherlands dzina lake Charlotte Groen, adakhazikitsa Circus Zambia.

Chimene chidandigwira mtima monga mphunzitsi ndi kayendetsedwe kake. Ntchito yawo adaigawa patatu: thupi, nzeru ndi mzimu. Mwana wa ku Chibolya akabwera amaphunzira kudumpha, kuwakha ndi kusenza anzake; amathandizidwa kuti apite kusukulu; ndipo amalangizidwa za moyo, za kudziletsa ndi za kupewa matenda. Akuluakulu a gululo amaonetsa masewera pamisonkhano ndi pazikondwerero molipiritsa, ndipo gawo la ndalamazo limabwerera kwa ana. Zionetsero zawo zina zidakamba za Edzi ndi za mankhwala ozunguza bongo, nkhani zimene achinyamata amatseka makutu zikamanenedwa ndi munthu wovala tayi. Gululo lidakula mpaka kukaonetsa kumaiko a kutsidya kwa nyanja, ndipo mu 2018 Gift Chansa adalandira mphotho ya Queen's Young Leaders ku London. Onani tsono: ine ndinkaganiza kuti kudumpha kumachotsa mwana m'kalasi, pamene anzathuwa adagwiritsa ntchito kudumpha komweko kumukokera m'kalasi.

Musaganize kuti ndikuti njirayi ndi yosalala. Mantha anga a 1986 sadali opanda pake. Khosi la munthu ndi limodzi, ndipo likathyoka silipezeka m'sitolo. N'chifukwa chake magulu enieni amayeserera pamatiresi, mphunzitsi ataima pambali manja ali chire, ndipo mwana saloledwa kukwera pamwamba asadaphunzire kugwa bwino. Ndalama zake nazo n'zosadalirika. Ngakhale Cirque du Soleil, ndi kutchuka kwake konse, idagwada mu 2020 pamene mliri wa Covid-19 udatseketsa mabwalo a zionetsero: idachotsa antchito zikwi zingapo ndi kupempha khoti kuti liiteteze kwa amene idali nawo ngongole, ndipo idadzukanso mu 2021 ili m'manja mwa eni ena. Wophunzira amene angataye mabuku chifukwa cha nkhani yangayi ndiye kuti sadaimve.

Chimene chimandiwawa n'chakuti luso lotere kwathu kuno si lachilendo konse. Ste-Croix asadabadwe n'komwe, m'mabwalo a Gule Wamkulu Makanja adali akuyenda kale, mutu uli kufupi ndi nthambi za mitengo. Za kudambwe sindinenapo kanthu, pakuti ine ndine Mlomwe wosalowa, ndipo Gule ndi mwambo wolemekezeka, osati chionetsero chogulitsa matikiti. Ndingoti maso athu adazolowera kale kuona zodabwitsa pabwalo. Taonani ovina tchopa kuno kwathu, mmene nkhalamba imavinira itasenza katundu kumsana osapunthwa. Taonani manja a mtsikana wosewera phada, kapena chiuno cha amene akuzinda mpira pafulaye. Zonsezo ndi mbewu ya zimene anthu amalipira ndalama zambiri kuti aone ku Las Vegas.

Tsono bwanji ife aphunzitsi sitidaione mbewuyo? Ndaganizapo kwambiri. Zisudzo tinkazilemekeza ndithu. Tinkanyadira mipikisano ya ATEM, imene ana asekondale ankachita masewero m'Chingerezi, ndipo pamene Du Chisiza Jr. adayambitsa gulu la Wakhumbata mu 1987 tidaona ndi maso athu kuti Mmalawi angathe kukhalira moyo zisudzo. Koma kumeneko kudali mawu, ndipo ife tidaphunzitsidwa kuyeza mwana ndi mawu ndi manambala basi. Luso losalembeka papepala la mayeso tinkaliyesa chibwana. Phunziro la masewera olimbitsa thupi lidalipo pandandanda, koma kawirikawiri nthawi yake tinkaigwiritsa ntchito kumalizira masamu kapena kusesa pabwalo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine tsiku lija sindidadekhe.

Changa sadapite kutali. Ali ndi kamsasa kake kokonzerapo njinga pansi pa mtengo wa mango chapafupi ndi msika wa Migowi, ndipo popeza kuno njinga ndiyo galimoto yathu, ntchito simusowa. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikudutsa pamenepo, iye n'kuvula chipewa, "Mwaswera bwanji, aphunzitsi?" ine n'kuyankha, n'kupitirira. Za zikoti zija sitidakambepo. Tchuthi chisadathe ndidabwereka foni ya mdzukulu wanga, ndidakankha njinga yanga imene idalibe vuto lililonse, n'kukakhala pabenchi pake. Tsopano mutu wake uli ndi imvi, choncho sindikadamuyankhulanso ngati mwana.

"Bambo, ndabwera ndi kanthu koti muone," ndidatero.

Adapukuta girisi m'manja, nalandira foni ndi manja awiri. Adaonerera mpaka kumapeto osanena kanthu, napempha kuti ndibwezerenso poyamba. Ulendo wachiwiri adaloza ndi chala chakuda ndi mafuta, osati mtsikana amene adali pamwamba penipeni, koma mnyamata wojintcha wa pansi.

"Katswiri ndi uyu, aphunzitsi. Taonani mmene waikira mapazi. Wapamwambayo anthu amamuombera m'manja, koma uyu akangopuma molakwika onse agwa."

Ndidamufunsa ngati akukumbukira tsiku lija. Adaseka, nati dzenje lija adakumba masiku atatu chifukwa nthaka idali youma. Ndidapepesa. Mawu anga adatuluka mopotoka, osati monga ndidawakonzera usiku wonse. Iye adachita manyazi koposa ine, nayamba kupukusa gudumu la njinga yanga ngati akufuna pamene lapindika.

"Zidapita zimenezo, aphunzitsi. Inu munkagwira ntchito yanu." Adakhala chete pang'ono. "Koma mwana wanga wotsiriza watengera ine. Amakachitira kumchenga wa kumtsinje ndi anzake. Ndamukalipira kangapo kuti adzathyoka."

"Ali kalasi yanji?"

"Sitandade 6."

Ndidamupempha kuti asamuuze mwanayo kuti ndidali mphunzitsi, kuopa kuti angathawe. Tidapangana za Loweruka m'mawa, msika usadadzaze. Iye adati abweretsa matumba a mankhusu a mpunga oti tiyale pamchengapo, ndipo ine ndidalonjeza kukapempha matiresi akale amene mayi a kunyumba adawasunga kuseri kwa chitseko.