UMBONI: GALASI LIMENE NDINALIMANGA NDI MPHIRA

 Lero ndalemba zazitali, ndiye pezani pokhala kaye. Mwazolowera kuti ndikalemba umboni umakhala wa machiritso kapena wa munthu wopeza ntchito. Wa lerowu ndi wa manyazi anga, ndipo ndakhala masabata atatu ndikulimbana ndi mtima kuti ndilembe kapena ayi.

Ambiri mumaidziwa galimoto yanga, Peugeot 504 yoyera ija imene achinyamata a kwaya anaitcha Chingalawa cha Nowa. Inali ya malume anga, amene anagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje. Anaigula kwa munthu m'zaka za m'ma 1980, ndipo atatisiya, banja linagwirizana kuti ndiitenge ine. Musaiderere. Mtundu umenewu unayamba kupangidwa ku France mu 1968, ndipo mu 1969 unasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chaka ku Ulaya. Ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuipanga mpaka m'zaka za m'ma 2000, chifukwa imapirira misewu yathu ya kuno ku Africa. Yangayi yanyamula akwati, yanyamula odwala pakati pa usiku, yanyamula masipika a misonkhano ya chitsitsimutso.

Mu March 2023, namondwe wa Freddy atatikantha kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe, galimoto yomweyi ndi imene tinkanyamulira ufa ndi zofunda kupita kumisasa ya abale amene nyumba zawo zinakokoloka. Misewu inali itakumbikakumbika, miyala yogumuka m'phiri ili mbwee. Ndi pa maulendo amenewo pamene galasi la m'mbali la kumanja, mbali ya dalaivala, linayamba kugwedera. Ndikagunda kadzenje, lawerama. M'malo mondionetsa msewu wa kumbuyo, linkandionetsa tayala ndi phula.

Ndiye ndinkatani? Ndinkangotulutsa dzanja pawindo, n'kulidzutsa. Likawerama, ndalidzutsa. Dzanja linafika pozolowera lokha, ngati munthu woingitsa ntchentche. Kenako ndinadula chubu chakale cha njinga n'kulimanga ndi mphira. Kwa masabata angapo linaima bwinobwino, ine n'kumati nkhani yatha. Dzuwa litaiwamba mphira ija, inayamba kutamuka. Ndinawonjezera ina pamwamba pake.

Mayi busa anandichenjeza kangapo konse. "Abambo, galasilo kakonzetseni, tsiku lina mudzapweteka munthu." Ine, ndi pakamwa pa ubusa, ndinayankha kuti, "Amayi, galimoto iyi ndi yophimbidwa ndi mwazi wa Yesu." Iwo anangoti, "Mwaziwo ulipodi, koma bawuti mulibe." Ndinaseka. Chaka chinatha, china chinayamba, galasi likadali pa mphira.

Tsiku limene ndikunenali tinapita ku Limbuli ndi mkulu wa mpingo mmodzi kukagula chimanga cha pamsonkhano wa amayi. Amene mumaidziwa Limbuli mukudziwa mmene pamakhalira. Ndi pa msewu wa M2, pafupi ndi chipata cha Muloza cholowera ku Milange m'dziko la Mozambique, ndipo njinga zake siziwerengeka: za matumba a chimanga, za nandolo, za makala, za kabaza. Ndinali nditaimika kumanzere kwa msewu. Titamaliza kupakira, ndinaliza injini, ndinayatsa indiketa, ndinaponya diso pa galasi. Linali litawerama. Dzanja linafuna kutuluka monga mwa chizolowezi, koma foni inalira, ndipo ndinati, aaa, kumbuyoko kulibe kanthu. Sindinacheuke n'komwe. Ndinalowa mumsewu.

Ndinangomva phuu! pa chitseko changa, kenako kulira kwa mwana.

Abale, mawu amenewo mpaka lero amandidzutsa usiku. Nditatsika ndinapeza mnyamata wa kabaza ali pansi, njinga ili pamwamba pake, gudumu lakutsogolo litapindika. Chapatali pang'ono mayi amene anamunyamula ali chigonere chammbali, mwana wakhanda ali kumbuyo. Mayiyo anagwera chigongono kuti atchinjirize mwanayo. Chigongono chinasupuka, magazi ali chuchuchu, koma mwana sanakhudze phula. Apa pokha ndikuti aleluya. Chinali chifundo cha Mulungu, ine ndinalibe gawo lililonse.

Anthu anadzadza nthawi yomweyo. Tsopano mvetserani bwino, chifukwa yesero lenileni linabwera apa. Mkulu wa mpingo uja anatsika akukalipa kale: "Akabaza inu simuyang'ana! Mukufuna kuwapalamulitsa abusa?" Ena m'gululo anandizindikira, n'kuyamba kuvomereza kuti eee, anyamata a njingawa amathamanga udyo. Ndinavala jekete ndi tayi, mnyamatayo anavala malaya ong'ambika paphewa. Mlandu unali utaweruzidwa kale ine ndisanatsegule pakamwa. Chimene ndinkafunika kuchita n'kungokhala chete basi.

Mnyamatayo anadzuka akutsimphina, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Abusa, ine ndinaliza belu. Njingayi si yanga, ndimachita kubwereka, ndimalipira tsiku ndi tsiku. Eni ake ndikawauza chiyani?"

Ndinayang'ana galasi lija. Linali lende, mphira ikulendewera, aliyense akanatha kuliona. Mumtima mwanga munamveka funso limodzi lokha: Lamulungu ukaima paguwa ndi nkhope iti? Miyendo ikunjenjemera, ndinakweza dzanja n'kunena kuti, "Abale, musiyeni mwanayu. Wolakwa ndine. Galasi langa ndi lomasuka kuyambira kalekale, ndipo ndalowa mumsewu osamuona." Panangoti zii. Bambo wina wogulitsa nzimbe anati, "Koma ndiye abusa mukanapha anthu atatu chifukwa cha kamphira." Sindinamuyankhe, chifukwa ananena zoona.

Tinawatengera kuchipatala onse atatu. Mayiyo anamumanga bala, mwana anamuyeza n'kupeza kuti ali bwinobwino, mnyamatayo anatupa bondo. Kupolisi ndinafotokoza mmene zinakhalira, ndipo chindapusa chimene anandilamula ndinalipira popanda kuwiringula. Ndinagula gudumu latsopano la njinga, ndinalipiranso masiku onse amene mnyamatayo sanathe kupalasa. Ndalama imene ndinkasungira malata a khitchini inathera pamenepo.

M'mawa mwake ndinapita pa Chitakale kwa madala ena amene akhala akukonza magalimoto pansi pa mtengo kuyambira ine ndili kupulayimale. Ankawadziwa malume anga, galimotoyinso amaidziwa. Anadula mphira zija ndi mpeni, anagwedeza galasi ndi zala ziwiri, n'kuti, "Abusa, mphira simanga chitsulo. Imangobisa." Ndikufotokozereni zimene anachita, chifukwa ambiri a inu muli ndi magalimoto akale ndipo zikhoza kukuthandizani.

Anandionetsa kuti galasi lotere limamasuka malo awiri. Oyamba ndi patsinde, pamene limagwira chitseko. Pa galimoto yanga panali masikuluwu awiri olowa m'chitsulo cha chitseko. Madzi a mvula ndi chifunga cha chiperoni chathu chino anakhala akulowa pansi pa kamphira ka patsinde kamene kanali katauma n'kung'aluka, dzimbiri linadya m'mphepete mwa mabowo, mabowo n'kukula. Sikuluwu ukaimanga imangozungulira osagwira kanthu. Malo achiwiri ndi kumbuyo kwa galasi lenilenilo, pamene pali kampira kachitsulo kamene galasi limatembenukirapo. Kampirako kamapanidwa ndi kachitsulo kena, ndipo kupanako kukafooka, galasi limawerama lokha.

Anayamba ndi mkati. Anachotsa chopukusira windo, chogwirira chitseko, kenako chikuto chonse cha mkati mwa chitseko, pang'onopang'ono kuti timapini take tisathyoke, poti za galimoto ya zaka zimenezi suzipeza m'sitolo wamba. Anakweza windo kuti dzanja lifike kuseri kwa mabowo aja. Anapala dzimbiri ndi sandipepa mpaka chitsulo chinayera, anapakapo penti, tinadikira kuti iume. Anadula kamphira katsopano kuchokera ku chubu cha galimoto, kofanana ndi tsinde la galasi, kuti madzi asalowenso. Masikuluwu aja anawataya. M'malo mwake analowetsa mabawuti awiri, kuseri n'kuikako mawashala aakulu ophimba bowo lonse lodyekalo, kenako washala wa sipuling'i ndi nati, n'kumanga ndi sipanala ya 10. Anamanga mosinthanasinthana, uku pang'ono, uku pang'ono, ndipo anandichenjeza kuti ukamangitsa kwambiri chitsulo cha chitseko chimabonyoka. Atatha apo anatsegula kumbuyo kwa galasi, anapukuta fumbi pa kampira kaja, anawongola kachitsulo kopana n'kukamanga mpaka galasi linkatembenuka pokhapokha ukalikankha ndi mphamvu.

Pomaliza anandikhazika pampando wa dalaivala, iwo n'kukaima kumbuyo chakumanja kwa galimoto. "Mukundiona?" Ndinati ayi. Anabwera n'kulitembenuza mpaka mbali ya galimoto yanga inkangooneka pang'ono m'mphepete, kwina konseko kukuoneka msewu. Anabwereranso kumbuyo. "Nanga pano?" Ndinati ndikukuonani. Anasuntha mapazi angapo kubwera kutsogolo, n'kusowa m'galasimo, chonsecho ali pafupi ndi chitseko changa. "Mwaona, abusa? Ngakhale galasi labwino lili ndi malo amene silifika. Musanalowe mumsewu, khosi lizigwiranso ntchito."

Ntchito yonse sinathe maola awiri. Mabawuti, manati ndi mawashala mtengo wake sunafike pa mulu wa chinanazi. Chinthu chimene ndinachizengereza kupitirira chaka, chimene chinatsala pang'ono kuika khanda m'manda.

Pobwerera kunyumba ndinkangoyang'ana m'galasimo. Phiri la Mulanje lili tayale kumbuyo, minda ya tiyi, ana a sukulu, amayi osenza nkhuni, njinga zija. Anthu onsewa ndinakhala ndikuwadutsa osawaona. Ndiye Mzimu anayamba kundikumbutsa maulaliki anga omwe. Ndi kangati ndakuphunzitsani za mkazi wa Loti, n'kumakuuzani kuti ife ndi a kutsogolo basi, kumbuyo ayi? Ndi zoona, tisabwerere ku machimo amene tinawasiya. Koma ine ndinapitirira muyeso. Ndinasiya kuyang'ana ngakhale anthu amene ali kumbuyo kwanga. Galasi la m'mbali sanaliike kuti galimoto izibwerera kumene yachokera. Analiika chifukwa pamsewu suli wekha, ndipo ukakhota, wina amene sanalakwe kanthu akhoza kugwa.

Ndinakumbukira mayi wina wamasiye amene mpingo wathu unayambira pakhonde pa nyumba yake, tili anthu osakwana khumi. Miyendo inawakanika, ndipo panali patatha miyezi isanu ndi itatu ndisanakawaone. Ndinali wotanganidwa ndi pulani ya tchalitchi chatsopano, ndi misonkhano, ndi mavidiyo a pa Facebook pano. Tsiku lomwelo ndinakhotera kwawo. Atamva kulira kwa injini anakwawa mpaka pakhomo. Mukudziwa chimene ananena? "Mwana wanga, ine ndimayesa galimoto ya malume ako inafa." Sanandikalipire. Anangondipezera chifukwa chabwino chimene ndinalibe. Ndinakhala pamphasa n'kulira ngati mwana.

Kwa mayi busa ndinapepesa pamaso pa ana. Kwa mkulu wa mpingo uja tinakambirana kuti kuteteza mbusa ndi bodza si utumiki. Mnyamata wa kabaza anachira, ndimakumana naye pa Limbuli, ndipo akandiona amaliza belu kawiri n'kuseka. Sindinamukokere ku mpingo wathu, ali ndi kwawo kopemphera. Ngongole inali yanga.

Tsopano inu amene mwawerenga mpaka pano, ndikufunseni. N'chiyani chimene mwachimanga ndi mphira? Mwina ndi mawu amene munalankhula kwa akazi anu, ndipo mmalo mopepesa mumangobwera ndi kanyama madzulo. Mwina ndi ngongole ya mbale imene mumangoti mawa, mawa. Mwina ndi mwana amene anasiya kukuuzani zakukhosi, inu n'kumangolipira fizi. Mukudziwa nokha pamene pakugwedera. Dzanja lanu lazolowera kudzutsa, koma tsiku lina foni idzalira nthawi yolakwika. Tsegulani chitseko mkati, onani pamene dzimbiri ladya, mangani ndi bawuti. Pemphero silinabwere kudzalowa m'malo mwa sipanala. Pempherani, kenako gwirani sipanalayo.

Ndipo inu madalaivala, a minibasi, a njinga zamoto, mawa m'mawa musananyamuke gwedezani magalasi anu ndi dzanja. Likasuntha lokha, musachoke pakhomo. Musanalowe mumsewu, cheukani.

Atate, tikhululukireni chifukwa cha anthu amene tawagwetsa osawaona. Sungani mayi uja ndi mwana wake, sungani anyamata onse opalasa njinga m'misewu ya Mulanje. Tipatseni kulimba mtima kovomera kulakwa ngakhale gulu lili mbali yathu. M'dzina la Yesu, Amen.

Lamulungu mapemphero ndi nthawi yomwe ija. Amene mukufuna kuona galasilo, Chingalawa cha Nowa chidzakhala panja pa tchalitchi. Mukhoza kuligwedeza.