Mchere wa mu Labu ndi Chidulo cha Agogo

Wolemba: mnyamata wa Fomu 3

Kwathu ku Chinguluwe, m'boma la Salima, munthu akati "mchere" palibe wofunsa kuti mchere wanji. Ndi womwewo wa m'paketi umene timathira m'ndiwo. Koma m'phunziro la Chemistry mchere ndi mtundu waukulu ngati a Phiri kapena a Banda, ndipo wa m'ndiwo uja ndi mwana mmodzi chabe m'banjamo. Ulipo wobiriwira, ulipo wowawa, ulipo wina woti ukaulawa mawa lake anthu akusonkhana pamaliro.

Lamulo lake ndi lalifupi: asidi akakumana ndi besi pamabadwa mchere ndi madzi. Aphunzitsi athu anatiyambitsa ndi copper oxide, ufa wakuda bii ngati mwaye wa kukhitchini. Tinatenthetsa pang'ono sulphuric acid wosungunula, n'kumathiramo ufawo pang'onopang'ono uku tikutakasa. Ufa wakuda unkangosowa, madzi n'kumasanduka obiriwira ngati nyanja ya ku Senga Bay dzuwa lili paliwombo. Tinathirabe mpaka ufa wina unakana kusungunuka, chizindikiro chakuti asidi yense watha. Pamenepo tinasefa, tinaphitsa madziwo kuti achepe, kenaka tinawasiya pawindo. Patapita masiku angapo tinapeza timiyala tobiriwira ta copper sulphate, tosongoka bwino ngati wina wachita kutisema. Gulu lina linaphitsa mpaka madzi onse kuuma poganiza kuti lifulumire, ndipo linangopeza ufa wotuwa. Mcherewu umafuna kusunga madzi ake ena m'kati kuti ukhale wobiriwira.

Komatu chimene chinandizunguza mutu ndi mchere wamba. Sodium hydroxide amatentha khungu, ndipo hydrochloric acid nayenso ndi chimodzimodzi. Tinayeza 25 cm³ ya woyambayo, tinadonthezamo phenolphthalein mpaka madzi anafiirira, kenaka asidi dontho limodzilimodzi kuchokera mu burette. Mwadzidzidzi kufiira kuja kunangoti zii. Adani awiri aphana, chotsala ndi madzi a mchere wa m'ndiwo. Masamu ake amati magalamu 40 a sodium hydroxide ndi magalamu 36.5 a asidiyo amapereka magalamu 58.5 a mchere ndi magalamu 18 a madzi. Palibe chotayika ngakhale pang'ono. Mnzanga wina anafuna kulawa, koma aphunzitsi anamuletsa ndi mawu amodzi okha. Mu labu salawa kanthu, ngakhale chikhale chooneka ngati shuga.

Tsono nkhani yanga yeniyeni ili kumudzi. Agogo anga aakazi sanalowepo m'kalasi, koma amapanga besi mlungu uliwonse. Amatola zitsononkho kapena makoko a mtedza, nthawi zina makoko a nthochi ouma, n'kuziwotcha pamalo osesa bwino. Phulusalo amaliika m'chitini chobooledwa kunsi, amathira madzi pamwamba, ndipo kunsiko kumadontha madzi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Chimenecho ndiye chidulo. Therere lopanda chidulo kwa iwo si therere. Ndikayang'ana bwino ndimaona kuti zonse zimene timachita ndi fanulo ndi pepala losefera iwo amazichita ndi chitini cha mafuta ophikira.

Pa tchuthi chapitachi ndinawapempha chidulo pang'ono m'kapu. Ndinafinyiramo ndimu. Nthawi yomweyo munayamba kuchita thovu, kumveka kuti fwaa.

"Iwe, ukundiwonongera chidulo changa chifukwa chiyani?" anatero agogo.

"Agogo, taonani, ndikupanga mchere."

"Mchere wa ndimu? Kusukulu kwanuko akukuphunzitsani zoseweretsa chakudya?"

Ndinawafotokozera mmene ndikanathera. M'phulusa la zomera muli potassium carbonate, ndipo ndi ameneyu amasungunuka n'kutsika ndi madzi aja. Mu ndimu muli citric acid. Ziwirizi zikakumana pamatuluka mpweya wa carbon dioxide, umene ndi thovu lija, ndipo m'madzimo mumatsala mchere wotchedwa potassium citrate. Agogo anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati iwo anadziwa kalekale kuti ndiwo ikakhala ndi zowawasa zambiri chidulo chimafooka, ndipo umayenera kuwonjezera. Kunena zoona, lamulo lonse la asidi ndi besi lili m'mawu amenewo. Chimene alibe ndi mayina okha.

Ndinayesanso ndi maluwa ofiira a chidede. Madzi ake ukawathira ndimu amafiira kwambiri, ukawathira chidulo amada n'kubiriwira. Anzanga a m'sukulu zimene zilibe litmus, chidede chilipo kuseri kwa nyumba.

Ngakhale mayina achizunguwo anachokera paphulusa pomwepa. Mawu akuti alkali ndi ochokera ku Chiarabu, ndipo amanena za phulusa la zomera. Azungu akale ankaviika phulusa m'madzi n'kuwaphitsa mumphika, chotsalacho n'kuchitcha potash, ndiye kuti phulusa la mumphika. M'chaka cha 1807 Humphry Davy wa ku England anadutsitsa magetsi mu potash wosungunuka ndi moto, napeza chitsulo chatsopano chimene anachitcha potassium. Choncho chilembo K chimene timaloweza pa Periodic Table chili ndi chibale ndi chitini cha agogo.

Pali pamodzi pamene ine ndi agogo sitinamvane, ndipo mpaka lero nkhaniyo sinathe. Alangizi a zaumoyo amanena kuti chidulo ndi soda zimapha mavitamini ena m'ndiwo zamasamba, makamaka vitamini C ndi B1. Zimenezi ndi zoona, pakuti mavitamini amenewa sapirira besi, makamaka pamoto. Kunyumba kwathu kuli ana awiri aang'ono a achemwali anga, ndipo miyezi ina ndiwo zawo ndi masamba basi. Nditanena zimenezi agogo anandiyang'ana nati, "Bambo ako ndinawalera ndi chidulo chomwechi, si awo akulima thonje maekala atatu?" Ndinasowa poyambira. Iwonso ali ndi mfundo: chidulo chimafewetsa masamba okhwima ndi nyemba msanga, ndipo nkhuni masiku ano akazitola kutali. Amene amanena kuti tisiye chidulo kawirikawiri si amene amasenza mtolo pamutu. Maganizo anga ndi akuti therere lisiyidwe ndi chidulo chake, koma nkhwani wanthete, bonongwe ndi mpiru, zimene zimapsa zokha m'mphindi zochepa, zisamathiridwe kanthu. Amayi anavomera za bonongwe. Agogo anangoti aona.

Bambo nawonso amagwira mchere osadziwa. Feteleza wa sulphate of ammonia ndi mchere weniweni, wobadwa pamene ammonia wakumana ndi sulphuric acid, ndipo mwa magawo 100 alionse, 21 ndi nitrogen. Urea ali ndi magawo 46, koma iye si mchere. Chimene ndinawachenjeza ndi chakuti sulphate of ammonia akathiridwa pamunda umodzi zaka zambiri amawawasitsa nthaka, ndipo nthaka ikawawasa mbewu zimalephera kudya bwino ngakhale uthire matumba angati. Mankhwala ake ndi laimu, amene ndi besi. Bambo anafunsa mtengo wa laimu, ine sindinayankhe. Kenaka anandikumbutsa kuti pamene timawotchera mapesi a thonje tikatha kukolola, chimanga cha chaka chotsatira chimabiriwira kuposa pena ponse. Lamulo limatiuza kuzula ndi kuwotcha mapesiwo pofuna kupha mbozi, koma phulusa lake limabwezanso potassium m'nthaka n'kuchepetsa asidi pamalopo.

Teremu ino ndabwera ndi kabotolo ka chidulo m'thumba, ndipo aphunzitsi alola kuti Loweruka likudzali tikayeze mphamvu yake ndi burette, tione kuti supuni imodzi ya chidulo imafuna asidi wochuluka bwanji. Agogo anandipatsa cha zitsononkho ndi cha makoko a nthochi m'mabotolo osiyana. Iwo akuti cha nthochi ndicho chaukali.